Kwa achemwali ofuna kudzakwera phiri la Dedza

Achemwali, ndaona funso lanu pagulu pano, loti inu ndi anzanu a kuntchito mukufuna kuchoka ku Lilongwe Loweruka lina kudzakwera phiri la Dedza, ndiye mukufunsa njira yodzera, ngati pamwamba pamaonekadi nyanja, komanso ngati mwana wanu wa zaka 10 angakwanitse. Ena akuyankhani kale kuti "ingobwerani, m'pafupi". Inde m'pafupi, makilomita pafupifupi 85 pamsewu wa M1, koma ine ndinakulira m'tsinde mwa phiri limeneli, ndipo ndaonapo alendo ambiri akutsika ali khuma, atangoona nkhungu yokhayokha. Zimandiwawa, chifukwa ndimadziwa zimene aphonya. Ndiye mundilole nditalikitseko.

Musanaganize za njira, ganizirani za mwezi ndi ola lonyamukira. Kumtunda kuno nyengo ndi imene imalamula. Nthawi imene ine ndimaikonda ndi mvula ikangotha, kumapeto kwa Epulo mpaka Meyi yense. Fumbi limakhala lisanayambe, udzu ukadali wobiriwira, ndipo maso amafika patali kwambiri. Mu Juni ndi Julayi kumachanso bwino masiku ena, koma chiperoni chikabwera phiri lonse limafunda mtambo, mnzako ali apa osamuona bwino. Chaka china mu Julayi ndinaperekeza abale anga ochokera ku Salima, tinanyamuka mochedwa dzuwa likuwala ndithu, koma tisanafike pamwamba kunagwa nkhungu, kamvula kowaza kaja n'kuyamba. Anthu ovala timalaya ta kunyanja anayamba kunjenjemera mano gwegwegwe, ndipo pobwerera tinasochera kanthawi, chifukwa mizere ya mapaini imafanana yonse. Kuyambira pamenepo sindikwera opanda juzi m'chikwama, ngakhale kutacha bwanji. Mu Seputembala ndi Okutobala njira imakhala youma, yosavuta kuyenda, koma utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimatseka kum'mawa konse. Mukabwera miyezi imeneyo nyanja musaiyembekezere kwenikweni.

Za njira tsopano. Tauni ya Dedza payokha ili kale pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndiye chifukwa chake kumazizira chonchi, pomwe nsonga ya phiri ili pa mamita 2,198. Kutanthauza kuti chokwera chanu ndi mamita ngati 600. Njira yosasocheretsa ndi msewu wafumbi wa zankhalango umene umakhotakhota mpaka pa nsanja za wailesi ndi mafoni zimene mumaziona muli m'tauni. Woyenda mosathamanga, wopuma apa ndi apo, awerengere maola awiri kapena atatu. Tilipo tinjira tachidule ta anthu otola nkhuni todula makona a msewuwo, koma n'toimirira zedi, ndipo masamba ouma a paini amaterera ngati therere, makamaka potsika. Kwa ulendo woyamba, ndiponso muli ndi mwana, tsatani msewu.

Chimene ndikufuna mumvetsetse n'chakuti pa nsanja paja si pothera. Ambiri akafika pamenepo amajambulitsa, kudya mabisiketi, n'kubwerera akuganiza kuti phiri alimaliza. Pitirizani ndi kanjira ka pamsana pa phiri kolowera ku nsonga. Mitengo imachepa, mumayamba kuponda udzu waufupi ndi matanthwe, mphepo ili kuuu m'makutu. Pamenepo pezani mwala, khalani pansi, foni ibwerere kaye m'thumba. Mbali ina muona tauni yonse ili pansi panu, msewu wa M1 uli ngati ulusi, timinda ta mbatatesi tili mizeremizere, ndipo kutsidya kwake ndi mapiri a ku Angonia m'dziko la Mozambique, pakuti malire ali pakhomo pathu pomwepa. Mukatembenukira kum'mawa dziko limangotsika, limangotsika mpaka ku chigwa cha Golomoti, ndiye kumapeto kwake, ngati kwayera, nyanja imaoneka ikunyezimira ngati lata latsopano lagonekedwa padzuwa. Imaoneka bwino m'mawa. Ndiye ngati mungathe, dzagoneni konkuno Lachisanu kuti 6 koloko ikupezeni muli kale m'njira.

Musalowe m'phiri ngati kumunda kwanu. Ndi nkhalango yotetezedwa, ili m'manja mwa Dipatimenti ya Zankhalango, choncho dzerani kaye ku ofesi yawo paboma, muwauze kuti muli angati ndipo mufunse za munthu wokuperekezani. Mnyamata wa konkuno amene amalidziwa phirili ndi wofunika, ndipo kangachepe kamene mungamupatse kamapita pakhomo. Muonanso malo ena ometeka mpala, zitsa zokhazokha pomwe kale panali mitengo yoti dzuwa silinkafika pansi. Ife amene tinaliona phirili lili lakuda bii ndi mitengo, mtima umatipweteka tikamadutsa pamenepo. Chonde musasonkhe moto wootchera nyama m'nkhalangomo, ndipo mabotolo ndi majumbo atsike nanu.

Mwanayo akhoza kufika pa nsanja bwinobwino ngati anazolowera kuyenda. Ana a kuno amakwera ndi kutsika atasenza nkhuni. Chachikulu avale nsapato zogwira pansi, osati masilipasi, aliyense anyamule madzi osachepera malita awiri, nthochi, mtedza, mbatata yophika. Mukakumana ndi anyani kapena apusi musawaponyere chakudya, ndipo mwana asayende yekha kutsogolo atagwira nthochi m'manja.

Mukaona kuti ena pagulu lanu phirilo liwakulira, musawasiye m'galimoto. Apititseni ku Chongoni, kumene kuli zojambula za makolo pamatanthwe ndi m'mapanga. Malowa bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, ndipo muli malo 127 okhala ndi zojambula. Zofiira zija, za mizere ndi zozungulira, zimatchulidwa kuti n'za Akafula amene analipo kuno kalekale, pomwe zoyera n'za Achewa ndipo zimakhudzana ndi chinamwali komanso Gule Wamkulu. Ku Chencherere, kufupi ndi sukulu yophunzitsa zankhalango imene ili kumeneko, chitunda chake n'chachifupi, choti ngakhale amayi achikulire amafika, koma ukaima pakhomo pa phanga n'kuyang'ana kumene wachokera umaona midzi, minda ndi timapiri ta miyala mpaka kutali. Ku Mphunzi nakonso kuli zojambula zikuluzikulu zoyera zooneka ngati nyama zokwawa. Kumeneko ndikupemphani chinthu chimodzi ndi mtima wonse: musakhudze ndi manja, musathire madzi kuti chithunzi chioneke bwino pafoni, ndipo wina asayerekeze kulembapo dzina lake ndi makala. Alipo kale amene anachita zimenezo, ndipo zimachititsa manyazi kuona dzina la mwana wasukulu pamwamba pa chinthu chimene chapirira mvula ndi dzuwa mibadwomibadwo.

Pobwerera, ngati mafuta alipo ndipo mabuleki a galimoto ndi odalirika, dzerani msewu wa Khwekhwerere wochokera pa Masasa kutsikira ku Golomoti. Pali makona ena oti mukaima pambali, pamalo otakasuka, chigwa chonse chimakhala pamaso panu osatulutsa thukuta n'komwe.

Mukagwirizana tsiku lembani pompano, ndidzakuuzani m'mene phiri ladzukira m'mawa umenewo, chifukwa ndikatsegula chitseko cha kukhitchini limakhala lili apo. Ine ndikanakhala inu ndikanasankha Loweruka la m'katikati mwa Meyi.