Sanandimenyepo, Ndiye Kodi Ndi Nkhanza?

Mayi wina, amene wapempha kuti ndisamutchule dzina, wanditumizira imelo iyi: "Amuna anga sanandimenyepo chikwatiranireni. Koma akapsa mtima amamenya khoma ndi chibakera, amaswa zinthu, ndipo foni yanga amaifufuza tsiku ndi tsiku. Anzanga akuti ndikukokomeza. Kodi zimenezi ndi nkhanza?"

Inde mayi, ndi nkhanza.

Ambirife timadikira kuona magazi kapena chipsera kuti tivomereze. Koma bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, mu lipoti lake la 2002 lokhudza nkhanza ndi thanzi, linaika kuopseza pamodzi ndi kumenya kwenikweniko. Linanenanso kuti kuvulala sikukhala kwa pathupi pokha, maganizo nawonso amavulala. Ku England ndi Wales, kuyambira 2015, kulamulira ndi kupanikiza mkazi kapena mwamuna wako mobwerezabwereza ndi mlandu, ndipo munthu angakhale kundende mpaka zaka 5 ngakhale sanakwezepo dzanja.

Chibakera chija sichikulankhula ndi khoma, chikulankhula ndi inu. Chikukuuzani kuti lero chagwera pakhoma, mawa chikhoza kugwera pena. Anthu amakonda kunena kuti "ndi mtima wapachala chabe, sangathe kudzigwira." Mawu amenewa amandipweteka kwambiri. Tadzifunsani: abwana awo akawakwiyitsa kuntchito, amaswa tebulo? Nanga zomwe amaswa kunyumbazo, zimakhala zawo kapena zanu? Munthu amene amasankha malo, nthawi ndi chinthu choti aswe, ndiye kuti kudzigwira amakutha.

Sindikunena kuti mkangano uliwonse ndi nkhanza ayi. Anthu okondana amakangana, amakwezerana mawu, nthawi zina amalankhula zomwe pambuyo pake amachita nazo manyazi. Kusiyana kwake ndi mantha. Pamkangano wamba nonse muli ndi pakamwa, mutha kukana, mutha kutuluka m'chipinda. Koma ngati mtima umagunda mukangomva mapazi awo pakhomo, ngati mumafufuta uthenga wosalakwa wa mchemwali wanu kuopa mafunso, pamenepo wina akulamulira mnzake ndi mantha.

Musadikire kuti akumenyeni kaye kuti mukhale ndi umboni. Uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, osati anzanu aja. Lembani masiku ndi zomwe zachitika, koma osati mufoni imene amaifufuzayo. Ndipo ganizirani lero lomwe komwe mungapite usiku zinthu zitafika povuta.