Musathire asidi pakhoma lanu la miyala

Wowerenga wina wandilembera imelo kuti khoma la miyala lomwe anamanga chaka chatha layamba kutuluka mizere yofiirira ngati dzimbiri, ndiye akufunsa ngati angalitsuke ndi asidi. Mtima wandiwawa powerenga, chifukwa ine ndinachitapo zimenezi.

Masitepe a nyumba yanga ndi a mwala wa limestone. Amisiri atamaliza ntchito panatsala madontho a simenti, ndipo mmodzi anandiuza kuti ndithire asidi wa hydrochloric. Nditangothira, mwala unayamba kuchita thovu, kumveka kuti tsiii. Ine ndinasangalala, ndimvekere litsiro likuchoka. Osadziwa kuti ukusungunuka ndi mwala weniweniwo! M'mawa mwake, pomwe panali see panasanduka pokhakhala, ndipo mpaka lero mvula ikagwa madzi amaima m'timaenje timeneto. Limestone ndi marble ndi calcium carbonate, asidi akangoikhudza imasungunuka n'kutulutsa mpweya wa carbon dioxide. Thovu lija linali limenelo.

Chimene chimandikwiyitsa n'choti ogulitsa miyala amalankhula ngati mwala uliwonse ndi granite, mwala wolimba womwe asidi sausungunula msanga. Sichoncho ayi. Ngakhale mvula yoyera ili ndi asidi pang'ono, pH yake (muyeso wa asidi, womwe pamadzi opanda asidi umakhala pa 7) imakhala cha pa 5.6. Kukakhala utsi wa malasha, mpweya wa sulphur dioxide wa mu utsimo umasandutsa nkhope ya limestone kapena marble kukhala mwala wofewa wotchedwa gypsum, yomwe imagwira mwaye n'kuuma ngati nkhanambo yakuda. Tchalitchi chachikulu cha St Paul's Cathedral ku London chinadetsedwa ndi zomwezi. Ku India, mu 1996 khoti lalikulu linalamula mafakitale ozungulira nyumba yotchuka ya marble ya Taj Mahal kuti asiye malasha kapena asamuke. Ngati nyumba zoterozo zimafuna chitetezo, nanga khoma lathu?

Mizere yanuyo ndikukhulupirira kuti ndi pyrite, timibulu tokhala ndi chitsulo, tonyezimira ngati golide, tomwe timabisala m'miyala ina. Tikakumana ndi madzi ndi mpweya timachita dzimbiri, n'kutulutsanso asidi wa sulphuric. Sizitenga zaka zana, nyengo imodzi ya mvula ndi yokwanira. Mukathira asidi wina, chitsulocho chimasungunuka kwambiri ndipo mizere ija imabwerera itachuluka.

Ndiye muchite chiyani?

Dontheserani viniga, yemwe ndi asidi wofooka, pakona yobisika. Pakachita thovu, asidi asayandikire khomalo, ndipo ngakhale pasachite thovu, asidi angangochulukitsa mizereyo. Tsukani ndi madzi, sopo wosaluma ndi bulashi yofewa, kenako konzani pamwamba pa khoma kuti madzi a mvula asamatsikire pankhope yake.