Kwa achemwali a ku Bembeke ofuna kuphunzira za paralegal

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mudakhoza MSCE chaka chatha, mwaona chilengezo cha koleji ina ku Lilongwe yophunzitsa kosi ya paralegal, amalume anu alonjeza kugulitsa mbatatesi za chaka chino kuti akulipirireni fizi, ndiye mukufuna kudziwa ngati n'zaphindu komanso ngati mukamaliza mudzakhala loya. Ntchitoyi ndaigwirako zaka zingapo konkuno ku Dedza, ndiye ndiyankha monga ndidaionera ndi maso anga. Choyamba, ndalama ya amalumeyo isachoke m'manja mwawo mwezi uno.

Za uloyazo ndi pomwe ambiri amapusitsidwira. Paralegal ndi wothandiza anthu wamba pa nkhani za malamulo, si loya, ndipo kosiyo sisandutsa munthu loya. Woimira munthu pa khoti ndi amene adatenga digiri ya zamalamulo, khoti n'kumuvomereza, ndipo ali ndi laisensi yogwirira ntchito pansi pa bungwe la maloya la Malawi Law Society. Inu mutha kumulangiza munthu tsiku lonse, kumulembera makalata, kumuperekeza mpaka pakhomo la khoti, koma mlandu ukayamba mumakhala pa benchi pamodzi ndi anthu ena onse, mwiniwake n'kumadziyankhulira yekha. A Legal Aid Bureau, nthambi ya boma yothandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, adapemphapo kuti maparalegal awo aziloledwa kuimira anthu pa milandu ing'onoing'ono kwa majisitireti, maloya adatsutsa kwambiri. Ndiye wina akakuuzani kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi muvala mkanjo wakuda, ameneyo akufuna fizi yanuyo basi.

Ine ndidapsapo kale. Ndidalipira pa koleji ina m'tauni, dzina ndisatchule, yomwe inali pamwamba pa shopu, makalasi awiri ndi ofesi ya akauntanti yokongola kuposa makalasiwo. Manotsi onse anali a malamulo a ku England. Tinkaloweza za makhoti a ku London, pamene kusiyana kwa majisitireti wa giredi yoyamba ndi wa giredi yachitatu kuno kwathu palibe adatiuzapo. Nditapita ndi pepala langa kukafunsira ntchito, bwana wake adalitembenuza uku ndi uku n'kundifunsa kuti sukulu imeneyi ili kuti. Chaka chathunthu ndi ndalama za nkhumba zitatu za mayi anga zidathera pamenepo.

Choncho musanalipire ngakhale ya fomu, fufuzani ku National Council for Higher Education, omwe timangoti NCHE. Iwowa amatulutsa mndandanda wa makoleji olembetsedwa ndi makosi ovomerezeka. Muonetsetse bwino, chifukwa koleji itha kukhala pa mndandandapo koma kosi mukuifunayo palibe, adawavomereza za akaunti kapena za bizinesi zokha. Kukamwa kwa mlembi wa pa koleji musakukhulupirire, onani dzina la kosiyo ndi maso anu. Mukapita kukaona sukuluyo, pemphani akuonetseni zimene mudzaphunzire. Ngati m'menemo mulibe Malamulo Aakulu a dziko lino, Penal Code yathu (lamulo la milandu ndi zilango zake), kayendetsedwe ka milandu ya upandu, malamulo a banja, a malo ndi a chuma cha masiye, tulukani mwaulemu. Funsaninso kuti ophunzitsa ndi ndani, adagwirapo ntchito pa khoti liti, nanga ophunzira amawatumiza kuti kukaphunzira ntchito pamalo. Ndipo akupatseni mwayi wocheza ndi mmodzi yekha amene adamaliza pamenepo ndipo ali pa ntchito lero. Akayamba kuzungulira, mwayankhidwa kale.

Mukadandifunsa kumene ndingatumize mwana wanga, ndikadati ayambe wayang'ana dipuloma ya zamalamulo ku Staff Development Institute ku Mpemba, komwe amajisitireti ambiri opanda digiri adadutsa, kapena ya University of Malawi ku Zomba. Mapepala amenewo aliyense wolemba ntchito amawadziwa. Amafuna makirediti okwanira ku MSCE, Chingerezi chili momwemo. Ngati anu ndi operewera, kubwereza Folomu 4 n'kotchipa kusiyana ndi kugula satifiketi yongokongoletsa khoma.

Koma chimene ndikufuna muchite kwenikweni sichilira ndalama yambiri, ndi thiransipoti yochoka ku Bembeke kufika pa boma basi. Khoti la majisitireti ndi lotsegukira aliyense, kupatula milandu ina monga yokhudza ana. Pitani mukakhale kumbuyo sabata imodzi kapena ziwiri, muzingomvetsera. Mudzaona mnyamata wogwidwa ndi mbuzi ku Chimbiya akufunsidwa ngati akuvomera mlandu, iye n'kuyankha kuti "eya bwana, mbuziyo adandipeza nayo", osadziwa kuti kupezeka nayo ndi kuiba ndi nkhani ziwiri. Mudzaona mayi amene wabwera kachitatu, mboni ya boma sidabwerenso, mlandu auimikanso, ndalama yobwerera alibe. Zolembedwa zonse zili m'Chingerezi, munthu woimbidwa mlandu adalekezera Sitandade 4. Ntchito ya paralegal ili pa mpata umenewo. Mtima ukakuwawani n'kumafuna kudzuka kuti mumufotokozere mnyamata uja, ndiye kuti ntchitoyi ndi yanu. Mukaona kuti mukuyasamula n'kumangoyang'ana foni, thokozani Mulungu kuti mbatatesi zija sizidagulitsidwe.

Ntchito imeneyi kuno ku Malawi idakula chifukwa cha kuthithikana m'ndende. Chaka cha 2000 kudayamba Paralegal Advisory Service, mothandizidwa ndi bungwe la Penal Reform International, ndipo mu 2007 idaima payokha n'kukhala Paralegal Advisory Service Institute (PASI). Anthu ake amalowa m'ndende, m'mapolisi ndi m'makhoti, kufufuza omwe aiwalika pa limandi, kuphunzitsa akaidi kupempha belo okha, kusaka achibale oti akaimire munthu ngati mboni ya belo, ndi kukonza kuti majisitireti apite kundende komweko akaunike milandu. Mayiko ena mu Africa muno adadzatengera nzeru imeneyi kwa ife, chinthu chomwe sitinyadira mokwanira. Legal Aid Bureau nayonso imadalira maparalegal kwambiri chifukwa maloya ambiri ali ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Ku Lobi kapena ku Golomoti loya mungamuone pa maliro basi.

Zida zake ndi malamulo ochepa koma owadziwa ngati dzina lanu. Gawo 42 la Malamulo Aakulu limati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chomwe akumva, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo akaonekere ku khoti pasanathe maola 48. Belo wa kupolisi salipiritsa. Pa milandu yozengedwa ndi majisitireti, lamulo limaika masiku 30 ngati malire osungira munthu mlandu usanayambe, pokhapokha khoti litawonjezera. Ndime ija ya vakabu yomwe apolisi ankasesera anthu usiku, Khoti Lalikulu lidaigamula mu 2017 kuti ikutsutsana ndi Malamulo Aakulu. Zimaoneka zochepa, koma ndidaonapo bambo akutuluka m'chitokosi madzulo omwewo chifukwa choti wina adafika pa kauntala, kupereka moni bwinobwino, n'kufunsa mwaulemu kuti maola 48 aja adayamba liti. Mwaulemu, ndikubwereza. Paralegal wolalata amatsekeredwa zitseko zonse, ndipo amene amavutika ndi munthu ali m'katiyo.

Komabe milandu yambiri yomwe idzakupezeni si ya kupolisi. Ndi ya pakhomo. Bambo amwalira, abale ake abwera ndi ngolo kudzanyamula malata ndi njinga, mkazi ndi ana atsala ndi mphasa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda koteroko ndi mlandu, ndipo limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana. Kuwerengera anthu ndime imeneyi n'kosavuta. Chovuta n'kukhala pansi pa mtengo ndi ankhoswe a mbali zonse, mwinimbumba ndi nyakwawa, n'kulifotokoza lamulolo mwa njira yoti wina asachoke atachita manyazi, chifukwa mawa anthu omwewa akakumana pa dambwe, pa chigayo ndi pa maliro. Kwathu kuno kwa chikamwini mkamwini amamanga nyumba pa malo a kuchikazi, banja likatha funso la nyumbayo limabuka. Kutsikira ku Ntcheu kwa Angoni a Gomani mupezanso miyambo yawo, ndipo m'malire umu muli mabanja omwe munda uli ku Mozambique, nyumba ili ku Malawi. Palibe koleji idzakuphunzitseni kuyankhula pa bwalo la amfumu muli mtsikana wa zaka 20. Zimenezo mudzaphunzira poyenda ndi akuluakulu, kugwada pofunika kugwada, koma mfundo osaisiya.

Za maukwati a ana ndiye inu a ku Dedza simufunika kuuzidwa. Inkosi Kachindamoto adatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati otere ndi kubwezera ana kusukulu. Lamulo la ukwati la 2015 lidaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha Malamulo Aakulu kuti agwirizane nazo. Milandu yotereyi mumagwira limodzi ndi a Victim Support Unit kupolisi ndi a zachisamaliro cha anthu pa boma.

Kumbali ya malipiro ndisakunamizeni. Ntchito zambiri zili m'mabungwe, ndipo zimayendera ndalama za pulojekiti. Pulojekiti ikatha, kontirakiti yatha, mumakhala pakhomo kudikira ina. Za boma n'zokhazikika koma mipata imatuluka mwa apo ndi apo, ofunsira ali mulu. Ena amalowa m'maofesi a maloya m'tauni, komwe ntchito ndi kusunga mafayilo, kutaipa, kukapereka zikalata ku khoti ndi kukasiya masamani. Kumeneko wosadziwa kompyuta samuyang'ana n'komwe, ndiye ngati pali ndalama yoti muwononge panopa, kakosi ka kompyuta ka miyezi iwiri ndi koyamba. Ndipo munda wa mbatatesi musaunyoze, ine udandisunga miyezi isanu ndi inayi pakati pa makontirakiti awiri.

Uloya ngati ukukukokanibe, dipuloma yovomerezeka ndi zaka zingapo za ntchito zitha kukuthandizani pofunsira malo a digiri mtsogolo, bola mufunsiretu ku yunivesiteko zimene amalandira musanasankhe sukulu.

Pakadali pano auzeni amalume asunge kaye ndalamayo. Mukamapita ku khoti kuja, dutsaninso ku ofesi za mabungwe omwe amagwira za chilungamo m'boma lino, monga a CCJP, bungwe la Akatolika loona za chilungamo ndi mtendere, a dayosizi ya Dedza, mufunse ngati angakulandireni kuti muzithandiza mongodzipereka. Tengani kope ndi cholembera, foni muzimitse musanalowe, ndipo juzi musaiwale, mabenchi a pa boma paja m'mawa amazizira ngati mwala. Mukatha sabata yoyamba mubwere mutiuze milandu yomwe mwamva, tikambirane za sukulu.