Za kaloboti koti kazicheza ndi amayi ku Chadiza

M'bale wanga, pepani ndi imfa ya bambo, ngakhale papita chaka. Funso lanu ndaliwerenga dzulo madzulo ndipo silinandichoke m'mutu. Ndilibwereze pang'ono poti lakwiririka ndi ndemanga. Amayi anu atsala okha kumudzi cha ku Chadiza, inu muli kuno ku Chipata, ena ali ku Lusaka, ndipo mlongo wanu amene amasamalira okalamba ku England akufuna kuwatumizira kaloboti kooneka ngati mphaka, kaubweya, kamene kamalira ndi kugwedeza mutu munthu akakasisita. Iyeyo wakaona kakutonthoza nkhalamba za kumeneko. Inu mukufunsa ngati si chiyambi cha misala kuti munthu wamkulu azicheza ndi chinthu chopanda mpweya, komanso ngati amayi angafike pokakonda kuposa ana awo. Ndaona ambiri angoseka. Ine ndiyankha mofatsa, chifukwa ndinaphunzirako za kaganizidwe ka munthu, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala m'gulu la kumpingo loyendera odwala ndi okalamba ku Kapata, ku Mchini mpaka midzi ya njira ya ku Mwami. Kusungulumwa kwa mayi wamasiye ndakuona ndi maso anga.

Si misala ayi. Mutu wa munthu ukaona chinthu chikuyenda chokha kapena chikuyankha, umathamangira kuchipatsa mtima ndi cholinga. Mu 1944 akatswiri awiri a zamaganizo ku America, Fritz Heider ndi Marianne Simmel, anaonetsa anthu kanema wamfupi wopanda munthu kapena nyama. Munali tizithunzi tiwiri ta nsonga zitatu ndi kena kozungulira, tikuyendayenda pafupi ndi bokosi. Atafunsidwa zimene aona, pafupifupi onse anasimba nkhani ya anthu, ati wamkuluyo ndi wankhanza, akuthamangitsa anzake, wamng'onoyo akubisala ndi mantha. Onsewo anali a mitu yabwinobwino. Mu 1966 Joseph Weizenbaum wa ku yunivesite ya MIT analemba pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa ELIZA, imene inkangotenga mawu ako n'kukubwezera ngati funso. Mlembi wake ankadziwa bwino lomwe kuti ndi makina chabe, koma tsiku lina anamupempha atuluke m'chipinda kuti iye acheze nayo payekha.

Nanga tipitirenji kutali? Agogo anga ku Katete ankayankha wailesi. Muulutsi akati mwauka bwanji, iwo ankati tauka, kaya inu. Pakamveka uthenga wa maliro a munthu amene sanamuonepo, ankasiya kusenda mtedza n'kupepesa. Palibe anawatcha amisala. Ndiye amayi anu akadzakapatsa dzina kamphakako n'kumakafunditsa chitenje usiku, musadzadabwe, ndipo chikondi chimene adzamve chidzakhala chenicheni.

Pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi apa: n'chifukwa chiyani tinthu timeneti timatonthoza? Kaloboti kodziwika kwambiri pa ntchito imeneyi ndi Paro, kamene kanapangidwa ndi Takanori Shibata ku Japan. Anayamba kukakonza mu 1993, ndipo mu 2009 boma la America linakavomereza ngati chipangizo cha chipatala. Kamaoneka ngati khanda la nyama ya m'nyanja zozizira yotchedwa seal, koyera, kamaso aakulu. Anasankha dala nyama imene anthu ambiri sanaigwirepo, kuti asamakayerekeze ndi galu kapena mphaka weniweni n'kukhumudwa. M'nyumba zosungira okalamba, makamaka amene ali ndi nthenda ya kuiwala, kaonetsa kuti ambiri amakhazika mtima pansi, ndipo ena amene ankangokhala duu amayamba kulankhula ndi anzawo za kanyamako. Koma taonani ntchito yake. Paro sikaphika, sikatunga madzi, sikalankhula ngakhale liwu limodzi. Kamangolira ngati mwana, kuphethira ndi kutembenukira kumene kukuchokera mawu. Ngakhale pokatchaja, chingwe chake chimalowa kukamwa ngati ukuyamwitsa khanda. Kanapangidwa kuti kazioneka kosowa wokasamala, ndipo nkhalambayo imapeza mpumulo chifukwa yapezanso wina womusamala.

Mfundo imeneyi ikukhudza amayi anu mwachindunji. Zaka zawo zonse akhala akudzuka mbandakucha chifukwa pali wina akuwadikira: madzi osamba a bambo, phala la ana, nsima ya aganyu kumunda, ndipo kumapetoko mwina mankhwala a bambo ndi kuwatembenuza pamphasa. Tsiku loika maliro chinakwiriridwanso chimene chinkawadzutsa m'mawa. Amayi amasiye ambiri amene ndawayendera, ndikawafunsa chifukwa chimene sanaikire poto pamoto, yankho limafanana: ndiphikire ndani? Ufa ulipo, ana atumiza ndalama pafoni, koma dzanja silinyamuka. Mlongo wanu akuganiza kuti amayi akusowa wowasangalatsa. Ine ndikukhulupirira kuti akusowa munthu wowafuna, amene tsiku lake silingayende bwino popanda iwo.

Tsono kaloboti kangatseke dzenje limeneli mpaka pati? Cha m'ma 1950 Harry Harlow ku yunivesite ya Wisconsin analekanitsa tiana ta anyani ndi amayi awo n'kutiikira zidole ziwiri, china cha waya chokhala ndi botolo la mkaka, china chokutidwa ndi nsalu yofewa koma chopanda chakudya. Tianato tinkapita kwa cha waya kukayamwa chabe, nthawi yonse yotsala n'kumakakamira cha nsalu, makamaka tikachita mantha. Zinali zankhanza ndithu, koma zinaonetsa kuti kukhudza chofewa n'kofunika ngati chakudya. Anthu ogulitsa maloboti amakonda kulekezera pamenepa. Nkhaniyo inapitirira: anyani amene anakula ndi chidole chokha, osaona anzawo, atakula sankatha kukhala ndi anyani ena. Nsaluyo inkathetsa mantha a nthawi imeneyo, koma sinawaphunzitse kukhala anyani.

Kwa munthu nkhaniyi ndi yozama kuposa apo, chifukwa munthu amadzidziwa kudzera mwa anzake. Charles Cooley analemba mu 1902 kuti timadziona m'maso mwa anthu ena monga mmene timadzionera pagalasi. Makolo athu anali atanena kale kuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Amayi anu amakumbukira kuti iwo ndi ndani pamene mtsikana wa pamudzi awagwadira popereka madzi, pamene anzawo awaitana ndi mfunda wawo, pamene a m'mbumba akangana za malire a munda n'kubwera kudzafunsa iwo chifukwa ndiwo anaona pamene agogo anabzala mtengo wa malirewo, pamene pa chinamwali kapena pa maliro asungiridwa malo awo. Ndi maso a anthu amenewa amene amawauza kuti ndinu tsinde lathu, mudakali ofunika. Kaloboti sikadziwa kuti mayi uyu anabereka angati, anaika angati. Kadzawalilira iwo akakasisita, ndipo wakuba akalowa usiku n'kukasisita kadzamulilira chimodzimodzi. Sherry Turkle, katswiri wa ku MIT amene wathera zaka zambiri akufufuza za anthu ndi makina, anasimbapo kuti anaona mayi wina amene mwana wake anamwalira akukhuthulira Paro za kukhosi. Ena onse anakondwa poona mayiyo akutonthozedwa, koma iye zinamupweteka, chifukwa munthu ankayesa kumvetsa chisoni cha moyo wake pamaso pa chinthu chimene sichidziwa kubadwa kapena kufa. Ine ndili mbali ya Turkle, ngakhale sindinganyoze chitonthozo chimene mayiyo anapeza.

Mwafunsa ngati amayi angakakonde kuposa inu. Sindikuopa zimenezo. Mantha anga ali pa inu ana, ndipo ndikunena izi ndi ulemu, poti nanenso ndili ndi kholo kumudzi. Katunduyo akafika, wina n'kutumiza kanema pa WhatsApp wa amayi akumwetulira ndi kamphaka pamiyendo, mitima ya onse idzapepuka. Foni ya tsiku ndi tsiku idzasanduka ya Lamlungu lokha. Ulendo wa kumudzi udzasunthira ku Khirisimasi. Palibe adzachita dala, koma munthu akaona kuti bala lamangidwa amaiwala kuti silinapole. Zinatichitikira kale ndi ndalama za pafoni, pamene ambiri a ife tinayamba kuona uthenga woti ndalama zapita ngati kuti tafika tokha pakhomo.

Pali china chimene mlongo wanu ku England sangachione msanga. Kumeneko nkhalamba yogwira chidole ili m'nyumba imene onse amadziwa kuti ichi n'chiyani. Kumudzi kwathu, mayi wamasiye wokalamba, wokhala yekha, amene amamveka usiku akulankhula ndi kanyama kosadya, kosatuluka panja, kolira m'nyumba yotseka, mukudziwa dzina limene angapatsidwe. Pangodwala mwana mmodzi pafupi, zala ziloza kwa iwo. Lamulo la Zambia limaletsa kutchula munthu mfiti, koma lamulo limafika mochedwa pamene mudzi wayamba kale kunong'onezana, ndipo okalamba, makamaka oiwalaiwala, ndiwo amavulala ndi mphekesera zotere. Ngati mwatsimikiza kukabweretsa, kafike masana, mukaonetse amfumu, a kumpingo ndi ana a pamudzi, atsegule aone mabatire, asewere nako. Kakhale ka pabwalo, kodziwika ndi onse.

Muganizirenso za kufa kwake, pakuti makina amafa. Kampani ya Sony inatulutsa galu wa loboti wotchedwa AIBO mu 1999, n'kusiya kumupanga mu 2006, ndipo mu 2014 inasiyanso kukonza owonongeka. Eni ake ambiri analira kwenikweni, mpaka kachisi wina wa Chibuda ku Isumi ku Japan anayamba kuwachitira mwambo wa maliro agalu amenewa. Maloboti olankhula amene amadalira intaneti ndiwo oopsa kwambiri. Jibo anazimitsidwa mu 2019, ndipo kumapeto kwa 2024 kampani yopanga Moxie, loboti yocheza ndi ana, inalengeza kuti ikutseka, makolo n'kutsala ndi ntchito youza ana kuti mnzawo salankhulanso. Kamphaka ka mabatire sikadalira intaneti, koma fumbi la mu Okutobala, chiswe ndi denga lodontha sizikasiya, ndipo ku Chadiza palibe wokakonza. Mayi amene wangoika mwamuna chaka chatha asamapatsidwe chinthu choti adzalirenso posachedwa popanda wina pafupi. Za olankhulawo ndingodutsa, chifukwa ambiri amalankhula Chingerezi, ndipo Chinyanja cha amayi a ku Chadiza, ndi miyambi yake ndi kuseka kwake, sangachitsate.

Ndikanakhala ine, ndikanayamba ndi kukhala nawo masiku atatu osanena za loboti, n'kumangoona. Akudya? Akugona? Akupitabe kumpingo, ku dimba, kukacheza kwa anzawo? Ngati asiya zonse zimene ankazikonda, akuwonda, akunena kuti bola kutsatira bambo, kumeneko ndi kuvutika maganizo kofunika chipatala, ndipo muwabweretse kuno ku Chipata akaonedwe. Chimodzimodzi ngati ayamba kusochera panjira yodziwika kapena kuiwala mayina a ana. Pamenepo, madokotala akatsimikiza kuti ndi nthenda ya kuiwala, kanyama kofewa kogwira m'manja kangathandizedi, makamaka madzulo pamene odwala otere amasowa mtendere, ndipo mlongo wanu akunena zoona pa zimene waona kuntchito.

Koma ngati mutu uli bwino, ndipo vuto ndi nyumba imene yachita zii, ndalama za kalobotiko ndi zotumizira kuchokera ku England zingagule mbuzi ziwiri ndi nkhuku zingapo, zamoyo, zofuna kutsekuliridwa m'mawa ndi kutsekeredwa madzulo, zimene zidzaswana n'kuwapatsa nkhani yokamba ndi anansi. Zingalipirenso yunifolomu ndi makope a mdzukulu kapena mwana wa m'mbumba amene angakhale nawo n'kumaphunzira pasukulu ya pafupi, mwanayo akafuna yekha, osati kumusandutsa wantchito. Ndipo mukamawaimbira foni, musamangofunsa ngati adya. Afunseni nzeru. Mwana wanga akukana sukulu, nditani? Chimanga chayamba kufumbwa, munkathira chiyani kale? Ndawaona amayi amene ankayankha mawu amodziamodzi akusintha nkhope n'kuyankhula theka la ola chifukwa wina wafuna kudziwa zimene iwo okha amadziwa.

Chinthu chimodzi sindinachione m'funso lanu kapena m'ndemanga zonsezi: amayiwo mwawafunsa? Muwaonetse kanema wa kamphakako pafoni, muwauze chilungamo kuti ndi makina a mabatire, musawanamize kuti ndi kamoyo. Mwina adzaseka n'kuti mundigulire malata m'malo mwake. Mwina adzati bweretsani ndikaone, ndipo akatero muwalemekeze, kabwere. Mukapita kumudzi mudzatiuze pano zimene ayankha, chifukwa m'gulu muno tilipo ambiri amene tili ndi makolo otsala okha, ndipo inenso ndikufuna kumva.