Kodi aliyense wokhala kunja ndi mtchona?

Funso: Achimwene anga ali ku Joni kwa zaka zingapo tsopano. Amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo amanga nyumba ya malata kumudzi kwathu ku Jali. Tsiku lina pamaliro mayi wina anawatchula kuti ndi mtchona, amayi athu n'kukhumudwa kwambiri. Kodi mayiyo analakwitsa? Nanga timalemba kuchona kapena kutchona? (Mayi wa ku Matawale, Zomba)

Mayi, funso lanu landikondweretsa, chifukwa mawu amenewa akugwiritsidwa ntchito mosasamala masiku ano. Mayiyo analakwitsa ndithu, ndipo amayi anu sanakhumudwe pachabe.

Za kalembedwe tithane nazo msanga. Timalemba kutchona, mtchona, matchona, monga timalembera tchire kapena tchimo. Azungu a boma la atsamunda ankalemba machona m'malipoti awo, ndipo ena akukoperabe pomwepo. Ikani chikhatho pafupi ndi pakamwa mutchule mawuwo, mumva kampweya kakukuwombani. Kampweya kameneko ndiko kamafuna tch.

Mawuwa anabwera ndi anthu a ku migodi. M'Chizulu muli ukushona, m'Chindebele ndi m'Chixhosa muli ukutshona, kutanthauza kulowa kwa dzuwa, kumira, ngakhale kumwalira kumene. Nawonso mawu oti mgodi anadzera njira yomweyo. Tsono mtchona ndi munthu amene anamira kuchilendo: kalata osalemba, ndalama osatumiza, bulangete la amayi ake osagula, maliro a kwawo osawamva. Achimwene anu, amene malata awo akuwala ku Jali, sanamire.

Ndili mwana cha ku Domasi, agogo anga aakazi sankasokoneza zimenezi. Akati "ali ku ulendo" ndiye kuti munthuyo akuyembekezeka. Akati "ali ku Halale" ankangonena kumene ali. Koma akatsitsa mawu n'kuti "ameneyo anatchona," aliyense ankadziwa kuti ankhoswe ayenera kukhala pansi kuti mkazi wake amasulidwe. Kuno kwathu kumene mwamuna amalowa chikamwini, kuchoka kwake kunkasiya dzenje lalikulu. Kuswa mphanje, kufolera nyumba, kumanga nkhokwe, zonse zinkatsalira amayi ndi nkhalamba, msonkho wa nyumba nawonso osadikira. Komiti imene boma linakhazikitsa mu 1935 kuti ifufuze za anthu opita kunja, imene lipoti lake linasindikizidwa muno mu Zomba, inayerekeza kuti anthu pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko nthawi imeneyo. Obwerera ankabwera ndi njinga, makina osokera, galamafoni ndi suti, ena n'kutsegula kagolosale. Ambiri ankabweranso ndi chifuwa cha fumbi la pansi pa nthaka, n'kudzafera m'manja mwa alongo awo. Mawu oti mtchona anasenza zonsezi, n'chifukwa chake sitiwaponyera munthu wamba.

Komabe amene anamira kwa ife anakavuuka kwina. M'mafamu ndi m'migodi ya ku Zimbabwe anakwatira, anabereka, anamanga mizikiti ndi matchalitchi, ndipo gule wamkulu akuvinidwabe kumeneko mpaka lero. Eni dziko anawapatsa mayina owanyoza, monga mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre, ndipo zidzukulu zawo zambiri zavutika kupeza ziphaso za unzika. Koma malamulo aakulu a dzikolo a mu 2013 anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Ku South Africa, Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay ndiye anayambitsa bungwe lalikulu la anthu akuda apantchito ku Cape Town mu 1919.

Chimene chimandiwawa ndi mawu atsopano amene adzaza pa wailesi, oti "Amalawi a ku dayasipora." Agogo akumudzi akamva amayesa ndi dzina la dziko. Tili ndi "Amalawi okhala kunja," mawu omveka kwa mwana ndi wamkulu yemwe. Sindidana ndi kubwereka, poti kutchona komweku n'kobwereka. Koma makolo athu ankabwereka mawu n'kuwapatsa ntchito imene inalibe mwini. Dayasipora ikuunjika pamodzi namwino wa ku Manchester wolipirira ana a mlongo wake sukulu ndi munthu amene anasowa osatsanzika, pamene Chichewa chinawasiyanitsa kalekale.

Ndipo mayi, mawu oti achimwene amene mwayamba nawo kalata yanu ndi alendonso. Anabwera ndi Ayao, amene analowa m'dera lino cha m'ma 1860, mafumu awo monga Malemia ndi Kuntumanji n'kukhazikika mozungulira phiri la Zomba. Chimodzimodzi achemwali. Amang'anja amene anawapeza kuno ankati mkulu wanga, mphwanga, mlongo wanga. Lero ndani angayerekeze kunena kuti achimwene si Chichewa?

Funso: Agogo anga amakonda kudandaula za "ndalama za ku Theba." Theba ali dziko liti? (Mnyamata wa ku Chinamwali)

Si dziko, mwanawe. Ndi zilembo za dzina la bungwe, TEBA, The Employment Bureau of Africa, limene linkalemba anthu ntchito za ku migodi ya ku South Africa. Poyamba linali Wenela, dzina limene linatsalira pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi. Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu, ndipo oposa 100,000 anabwerera kwawo m'zaka ziwiri zotsatira. Kulembako kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma kwa anthu ochepa, mpaka kunatheratu cha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi pofufuza kachilombo ka HIV. Ndalama zimene agogo anu akunena ndi zimene ambiri mwa anthu amenewa akhala akuzilondola kuyambira pamenepo. Lembani Theba, ndi th, poti ndi mmene pakamwa pa Amalawi panawaumbira. Joni ndi Johannesburg wofupikitsidwa, Halale ndi Harare.

Funso: Kuthangata ndi kuthandiza. Nanga bwanji thangata amatanthauza chinthu choipa? (Mphunzitsi wa ku Thondwe)

Aphunzitsi, apa ndi pamene anthu amaiwala kuti Zomba sinangotumiza anthu kunja, inalandiranso. Kale thangata anali kuthandizana kwa pamudzi, kulimirana m'munda wa mfumu kapena wa mnansi, pambuyo pake n'kumwera limodzi mowa. Azungu atatenga malo aakulu m'mapiri a Shire, anatola mawu abwinowa n'kuwamata pa lendi: ukufuna kukhala pa esiteti yanga, undigwirire ntchito miyezi yakutiyakuti. Amene goli limeneli linawalemera kwambiri anali Alomwe, amene anayamba kulowa mwaunyinji chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 pothawa nkhanza ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi ku Mozambique. Analibe malo, analibe mfumu yowayankhulira, ndiye akanakana bwanji? Thonje, fodya ndi tiyi wa m'maesiteti a chigawo chino zinakula ndi thukuta lawo. Nkhanza za thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kufupi ndi kwanuko, zinali m'gulu la zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe mu Januwale 1915, ndipo mchitidwewu unapitirira mpaka kumayambiriro a zaka za m'ma 1960.

Alomwewo analipiranso ndi chiyankhulo chawo. Poopa kunyozedwa, makolo ambiri anasiya kuyankhula Chilomwe pamaso pa ana, ndipo lero ku Mayaka ndi ku Jali mupeza midzi yathunthu ya Alomwe imene achinyamata ake amadziwa Chichewa chokha. Dzina lija loti Anguru, limene Alomwe ankatchulidwa nalo ndipo Lewis Bandawe ndi anzake analimbana nalo m'zaka za m'ma 1940 kuti boma lileke kuligwiritsa ntchito, ndi lachipongwe. Mukalimva m'kalasi mwanu, lidzudzuleni pomwepo.

Tsono anawo muwaphunzitse mawu awiriwa mosiyana. Mneni kuthangata sanadetsedwe: "ndithangateni katunduyu," "Mulungu akuthangateni," zonsezi ndi Chichewa chokoma, ndipo ndikanakonda chitamveka kawirikawiri m'malo mwa "kusapota" kumene kwafala. Koma dzina loti thangata lisungidwire ntchito yokakamiza kapena ya malipiro osakwanira. Mlonda wogwira usiku wonse n'kulandira ndalama yosagula thumba la chimanga akati "iyi ndi thangata," walankhula molondola. Mwana wotumidwa kukatunga madzi ndi amayi ake asatero.