Filimu yoyamba ku Kasungu: yambani ndi mphindi khumi

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga. Mwati mwalemba m'kope nkhani ya maola awiri ya tenanti wa pa esiteti ya fodya amene bwana wake amamupondereza pa malipiro, muli ndi foni komanso anzanu a gulu la zisudzo pa Kasungu pano, koma mulibe kamera, ndiye mukufuna kudziwa poyambira ndi komwe mungapeze anthu ogwira nawo ntchito. Ambiri akuyankhani kuti musake kamera. Ine nditi kamera ibwere pomaliza. Mafilimu athu ambiri amafera papepala ndi pa mawu, chithunzi chili bwinobwino.

Choyamba, nkhani ya maola awiri ija isungeni kaye. Dulanimo kachidutswa ka mphindi 8 mpaka 12: anthu atatu kapena anayi, malo awiri, tsiku limodzi la m'nkhaniyo. Pa nkhani yanuyi tsiku lake likuoneka kale, ndi lija tenanti wakhala pakhonde la bwana, buku latsegulidwa, akumuchotsera chimanga chimene anadya, mchere, sopo, ndalama ya kuchipatala, mpaka mabelo onse aja asanduka ngongole. Kubadwa kwake, ulendo wake wochokera kwawo, zonsezo woonera adzaziona pa nkhope yake. Dziyeseni motere: nenani nkhani yonse m'chiganizo chimodzi, kuti ndani, akufuna chiyani lero, chikumutchinga n'chiyani. Ikakanika kulowa m'chiganizo chimodzi, sinapse.

Kalembedwe ka script, ndiye kuti nkhani ya filimu yolembedwa papepala, kali ndi lamulo lake, ndipo si lamulo la matama. Mumalemba ndi zilembo za Courier saizi 12 chifukwa potero tsamba limodzi limakhala pafupifupi mphindi imodzi pa sikirini. Scene iliyonse, ndiye kuti chigawo cha nkhani chochitika malo amodzi pa nthawi imodzi, imayamba ndi mzere wa zilembo zikuluzikulu wonena zinthu zitatu: mkati kapena panja, malo, nthawi. Mwachitsanzo, PANJA, KHONDE LA BWANA, MASANA. Pansi pake mumalemba zimene diso likuona ndi zimene khutu likumva basi, ngati zikuchitika pompano. "Akukumbukira mayi ake" sizijambulika. "Akutembenuza chipewa m'manja, osayang'ana buku" zimajambulika. Dzina la wolankhula limakhala pakati, mawu ake pansi pake. Simufunika kugula pulogalamu, Word yomweyo ikwanira mukaikonza bwino, kapena Trelby imene ndi yaulere. Koma mawu a Chichewa ndi aatali, tsamba likhoza kukunamizani. Khalani pansi ndi anzanuwo, werengani script yonse mokweza foni ikuwerenga mphindi.

Pa kuwerengako ndi pamene matenda a zisudzo za pa siteji amatulukira. Pa siteji munthu amafuula ndi kunena zonse za kumtima chifukwa wakhala kumbuyo kwa holo saona maso ake. Kamera imaona maso. Tenanti asanene kuti "bwana, mwandikhumudwitsa kwambiri, ndagwira ntchito chaka chonse." Anene kuti "Sopo uja munati ndi mphatso." Basi. Bwana asayankhe, angotembenuza tsamba. Moni nayenso mudule. Tonse tikudziwa kuti kwathu kuno munthu sayamba nkhani asanafunse za kunyumba, koma moni wa mphindi yathunthu mu filimu ya mphindi khumi ndi kuba. Lowani mu scene mochedwa, moni atatha kale, tulukani msanga mawu opweteka akangogwa. Ndipo tcherani khutu pa kalankhulidwe. Matenanti ambiri a ku Kasungu amachokera ku chigawo cha kummwera, kalankhulidwe kawo sikafanana ndi ka Mchewa wa kwa Mwase, komanso kumpoto kwa boma lino kumamveka Chitumbuka. Anthu onse mu script akamalankhula ngati wolembayo, woonera amazindikira ngakhale sanganene chimene chalakwika.

Script ikakhazikika, iphwanyeni. Tengani pepala, scene iliyonse ikhale ndi mzere wake: nambala, malo, usana kapena usiku, ochita sewero amene alipo, zovala, katundu wofunika monga buku, sikelo, njinga. Kenako sonkhanitsani ma scene a malo amodzi kuti ajambulidwe tsiku limodzi, osatsata ndondomeko ya nkhani. Gulu longoyamba kumene limatha masamba atatu kapena anayi patsiku likalimbikira, ndiye filimu ya masamba khumi muiwerengere masiku atatu, lachinayi likhale la padera. Nkhani ya fodya ili ndi msampha wake: nyengo. Fodya wobiriwira m'munda mumamupeza mu Januwale ndi Febuluwale, m'zigafa amadzaza pambuyo pake, mabelo amapita ku Chinkhoma msika ukatsegulidwa cha mu Epulo. Script ikafuna zonsezi simungazijambule sabata imodzi. Sankhani nyengo imodzi, mulembe nkhani yokwanira m'nyengo imeneyo.

Tsopano mawu, pamene ndikufuna mukhalitse. Munthu amapirira chithunzi chosawala bwino, koma akalephera kumva zimene akulankhula amasiya kuonera pasanathe mphindi. Maiki ya foni imene ikujambula chithunzi imakhala kutali ndi pakamwa, imatola chilichonse chimene chili pakati. Njira yake ndi kujambula mawu padera. Pezani maiki yaing'ono ya pakolala, ilumikizeni ku foni yachiwiri imene ili m'thumba la wolankhula, maikiyo ikhale pachifuwa pafupifupi chikhatho chimodzi kuchokera pachibwano. Mukaibisa m'kati mwa malaya imateni ndi pulasitala kuti nsalu isamaikhule, ndipo pewani malaya a nayiloni, amalira. Ngati pulogalamu yojambulira ikulola, ikani pa mtundu wa fayilo wa WAV, 48 kHz, ndipo pa muyezo wa kukwera kwa mawu, mawu azifika cha pa -12 dB. Akagunda 0 aphulika, ndipo mawu ophulika sakonzeka. Foni zonse zikhale pa airplane mode. Munthu mmodzi akhale ndi mahedifoni m'makutu, ntchito yake ikhale kumvetsera basi, ndipo akhale ndi mphamvu yoimitsa shot, ndiye kuti kujambula kumene kuli m'kati.

Shot iliyonse isanayambe, wina atchule nambala ya scene ndi ya take, ndiye kuti ndi kachingati mukujambula shot imeneyo, kenako awombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera. Kuwombako ndi kumene mudzagwiritse ntchito polumikiza mawu ndi chithunzi pa kompyuta. Musanachoke pa malo alionse, aliyense akhale chete kwa masekondi 30 mpaka 60 mujambule "chete" wa pamalopo. Zimaoneka ngati kutaya nthawi, koma pa editing, podula ndi kulumikiza filimu, mudzafuna phokoso limenelo kuti mutseke mipata, apo ayi mawu azidzadumphadumpha pamene mwadula.

Malo muwasankhe ndi khutu musanawasankhe ndi diso. Pitani nthawi yomweyo imene mudzajambule, imani mphindi zisanu maso otseka. Chigayo, wowotcherera, tchalitchi choyeserera kwaya, njinga zamoto za kabaza, magalimoto aakulu a pa M1, zonsezi sizimveka mukamacheza koma maiki imazitola. Nyumba ya malata nthawi ya mvula ndi mdani. Chipinda chopanda kanthu cha simenti chimabweza mawu, yalani mphasa ndi kupachika mabulangete kumbali imene kamera sikuona. Mphepo ya mwera ya mu Juni ndi Julaye imawomba maiki mpaka mawu kusowa, valitsani maiki kansalu ka ubweya kapena siponji, wolankhula afulatire mphepo.

Za chithunzi ndidutsa mwachangu. Foni igone chopingasa, pukutani galasi lake. Magetsi a ESCOM ndi a 50 Hz, choncho jambulani pa 25 fps (zithunzi 25 pa sekondi) ndi shutter (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pa chithunzi chilichonse) ya 1/50 ya sekondi mukakhala pansi pa mababu, apo ayi chithunzi chiziphethira kapena kuonetsa mizere. Kamera ya foni ikakana zimenezi, ikani pulogalamu ngati Open Camera kapena Blackmagic Camera. Ikani loko pa focus (pamene chithunzi chikuoneka bwino), exposure (kuchuluka kwa kuwala) ndi white balance (kaonekedwe ka mitundu) kuti foni isamasinthe yokha munthu akasuntha. Saizi ya chithunzi ya 1080p ikukwanirani. Imadya pafupifupi 130 MB pa mphindi, pamene 4K imadya kuwirikiza katatu, imatenthetsa foni, ndipo laputopu yakale imalephera kuiseweretsa. Musachite zoom ndi zala, sunthani miyendo. Foni ikhale pa tripod, kapena pa mpando ndi thumba la mchenga.

Dzuwa la pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana limagwetsa mithunzi m'maso. Nthawi imeneyo jambulani za m'nyumba kapena pamthunzi, za panja zikhale za m'mawa kapena madzulo, mukukumbukira kuti kuno mdima sucheza, dzuwa likalowa mwatsala ndi mphindi zochepa. Munthu wa khungu lakuda mukamuimika kumbuyo kwake kuli thambo loyera kapena khoma la laimu, foni imatsata kuwalako nkhope n'kuda bii. Yezani kuwala pa nkhope, ndipo wina agwire katoni yomata pepala loyera kapena foilo kuti abwezere kuwala kumaso. Za usiku chepetsani, foni imalephera. Pa zokambirana za anthu awiri, jambulani scene yonse katatu: patali onse akuoneka, pafupi pa woyamba, pafupi pa wachiwiri. Lingalirani chingwe chochoka pa mphuno ya uyu kufika pa ya uyo, kamera isadumphe chingwe chimenecho. Ikadumpha, onse aoneka akuyang'ana mbali imodzi ngati sakulankhulana. Onjezani tizithunzi ta manja, buku, nkhuku ikudutsa, tidzakupulumutsani podula. Wina azijambula zithunzi za zovala tsiku lililonse, chifukwa mayi amene dzulo anali ndi chitenje chofiira amabwera lero ndi chabuluu atalukitsanso tsitsi.

Zilolezo musazipeputse. Kumudzi yambani mwaonekera kwa amfumu, pa esiteti kwa mwini wake, ndipo dzina la esiteti yeniyeni lisaoneke mu nkhani yonena za kuba. Mukafuna yunifolomu ya apolisi kapena mfuti yoseweretsa, kadziwitseni apolisi kaye. Mukajambula ana, makolo awo asaine chilolezo. M'nkhalango ya Kasungu National Park simungojambula popanda chilolezo cha nthambi yoona za nyama zakutchire. Drone nayo ili ndi malamulo a oyang'anira za ndege, makamaka pafupi ndi bwalo la ndege la Kasungu, lomwe boma ndi UNICEF anakhazikitsapo malo oyesera ma drone mu 2017.

Madzulo alionse kopani mafayilo onse malo awiri osiyana musanafufute kanthu pa foni. Magetsi amathima, memori khadi imafa. Pa editing, pulogalamu ya DaVinci Resolve ndi yaulere koma imafuna kompyuta yamphamvu, CapCut imagwira ngakhale pa foni. Nyimbo ya woimba wotchuka musaiike popanda chilolezo cholembedwa, YouTube idzaigwira ndipo ku mpikisano adzaikana filimuyo. Pezani woimba gitala kapena kwaya ya kwanuko akupangireni yanuyanu, mugwirizane papepala.

Za kupeza anthu. Musatumize script yonse m'gulu muno mmene mwafunsira funso lanu. Tumizani chiganizo chimodzi chija, tsamba limodzi lofotokoza nkhani, masiku ojambula, ndi zimene mungapereke, kaya ndi chakudya ndi thiransipoti zokha, nenani poyera. Anthu amayankha munthu amene ali ndi tsiku, osati amene ali ndi maloto. Ojambula maukwati a pa boma pano ali ndi makamera, ma tripod ndi magetsi, ndipo pakati pa sabata amakhala alibe zochita zambiri. Anyamata a m'masitudiyo a nyimbo amadziwa kuyeretsa mawu. Kumbukiraninso kuti The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, yonena za William Kamkwamba, imene inatuluka mu 2019, inajambulidwa kuno ku Kasungu cha kwa Wimbe, ndiye anthu amene anaona mmene gulu lalikulu limagwirira ntchito alipo. Njira yachidule kuposa zonse ndi kukanyamula katundu pa filimu ya wina masiku angapo. Lowaninso bungwe la opanga mafilimu la Film Association of Malawi, ndipo muziyang'anira nthawi imene MultiChoice Talent Factory imaitana ophunzira. Sukulu yawo ya chigawo chino cha Africa ili ku Lusaka ndipo imatenga Amalawi.

Musanajambule, lembani pangano la tsamba limodzi: script ndi ya ndani, filimu ndi ya ndani, ndalama ikadzabwera idzagawidwa bwanji, dzina la aliyense lidzalembedwa motani kumapeto. Magulu ambiri amapasuka filimu ikangoyamba kutchuka chifukwa izi anangogwirizana pakamwa. Lamulo la Copyright la 2016 limateteza ntchito yanu ikangolembedwa, komabe pitani nayo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, kuti pakhale umboni wa mwini wake.

Filimu ikatha, musathamangire kuiponya pa Facebook kapena kupatsa wina pa flash, mawa lake muipeza m'mavidiyo sho ndi kwa oika nyimbo m'mafoni. Mipikisano yambiri safuna filimu imene ili kale poyera pa intaneti. Ikani mawu a Chingerezi pansi pa chithunzi, mizere isapitirire iwiri, ndipo womasulirayo akhale wodziwa zilankhulo zonse ziwiri. Tsegulani akaunti pa FilmFreeway, tsamba la pa intaneti lotumizira mafilimu ku mipikisano, sankhani mipikisano yolowa ulere kapena yotchipa, onani ya pafupi monga ya ku Zanzibar ndi ya ku Durban. Mukafuna kuionetsa m'holo pa Kasungu pano anthu akulipira pakhomo, idutse kaye ku Censorship Board kuti aipatse msinkhu wa oonera, ndipo zokuzira mawu za m'holoyo mukaziyese dzulo lake ndi filimu yomweyo.