Alamu akubwera, ndiwayendetse kuti kuno ku Mulanje?

FUNSO: Ankolo, ine ndimakhala pa Luchenza, phiri la Mulanje ndimangoliona chapatali koma sindinakwereko olo kamodzi. Mwezi wa Julaye alamu anga akubwera ndi ana pa galimoto kuchokera ku Lilongwe, akuti ndidzawayendetse. Akafika ku Limbe adzere msewu uti, nanga pa Sapitwa tingakafike tsiku limodzi? Ndine wa ku Luchenza.

YANKHO: Achimwene, alamuwo muwauze asakhotere ku Midima, adzere wa M2 wodutsa pa Bvumbwe ndi pa boma la Thyolo, ndiye wowafikitsa pakhomo panu pomwe komanso kukongola kwake ndi kwina. Akangopitirira Bvumbwe ayamba kuona tiyi uku ndi uku kubiriwira mpaka kumapiri, minda ina ngati ya Satemwa inayamba mu 1923 ndithu. Koma msewuwu ndi wa makona ndi zitunda, ndiye Julaye ndi nthawi ya chiperoni, nkhungu imatha kutseka moti wa kabaza umamuona wafika kale pafupi, ayatse magetsi aziyenda pang'onopang'ono osaovateka pakona.

Za Sapitwa tsiku limodzi ndi ana iwalani. Paja nsongayi ndi mamita 3,002, palibenso malo okwera kuposa apo m'Malawi muno, ndipo anthu amayamba agona kaye pa kanyumba ka Chisepo kenako m'mawa mwake ndi pomwe amakwera. Inuyo mukafika pa Chitakale khoterani msewu wa ku Phalombe mpaka pa Likhubula, pamenepo mupeze gaidi akutengereni ku Dziwe la Nkhalamba, ulendo woti ana atha kuyenda bwinobwino. Gaidiyo musamuone ngati kuononga ndalama chonde, m'phiri muja anthu anasowamo, ndipo anyamata amenewa ndi ntchito yomwe amadyera. Pa dziwepo madzi ndi ozizira zedi, pena ndi pakuya komanso miyala imaterera, ana musawasiye okha.

Chimodzi chomwe chimandiwawa ine ndi mkungudza. Mtengo wa fuko lathu uwu watsala pang'ono kutheratu m'phirimo chifukwa chodula mwakuba, ndiye wina akakutsatsani kabokosi konunkhira kaja ka mkungudza mukane, ngakhale alamu akakonde bwanji. Phirili a UNESCO analiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025, anawo mudzawauze zimenezi ali pompo akuliona.

Majuzi asaiwale, ndi nsapato zogwira pansi osati masilipasi.